Maaisi Ofiira a ba Exildah

Pageti la sukulu ina ku Kabwata palibe mwana wosadziwa ba Exildah. Anachoka ku Luapula akadali mtsikana, anakwatiwa, amuna awo n'kumwalira, ndipo chimene chinawalerera ana ndi maaisi, timapulasitiki ta juwisi wofiira ndi wachikasu toumitsa m'fuliji. Ukhondo wawo unali wotopetsa ndithu. Mwana akabwera ndi manja akuda ankamubweza. "Kasambe ku manja, iwe. Matenda yangenela pa kamwa."

Madzi opangira maaisi ankawawiritsa, apo ayi ankadonthezamo kolorini. Zaka zonsezi sanaphonyepo, kupatula sabata ija ya mu Okutobala.

Kunatentha koopsa. Pompi ya madzi inauma, malasha anatha, kolorini nayenso anatha, malaiti ankangobwera ngati mlendo wodutsa. Ba Exildah anagula madzi kwa munthu woyenda ndi zigubu pawilibala, osafunsa kumene watunga. Anawayang'ana padzuwa, oyera mbee. "Fuliji izapaya tuzilombo," anadziuza. Bodza lenileni, ndipo ankadziwa kuti kuzizira kumangogoneka tizilombo, sikupha. Koma malaiti anali atangobwera, ndipo ukachedwa maaisi sauma.

Pofika Lachisanu ana anachepa pageti. Ena akuti kutsekula m'mimba, ena kusanza. Loweruka ba Exildah anamva kuti Lombe, mwana wa ba Tanya oyandikana nawo nyumba, wagonekedwa kukiliniki. Lombe yemweyo, amene ankawatcha mbuya ngati agogo ake enieni, amene ankamusungira aisi wofiira tsiku lililonse.

Anapita kukamuona mtima ukuwaluma. Anamupeza ali padilipi, maso atalowa, milomo itauma. Anesi ankazungulira kufunsa makolo zimene ana anadya, poti odwala a sukulu imodzi anali atachuluka.

"Mwachita bwino kubwela," anatero ba Tanya, atatopa ndi kulira. "Ine naziba, ni vitumbuwa va ba Chomba, baja bogulitsa pafupi na imwe. Ba doti baja. Nauza kale ba nesi, Mande niyenda kuli ba hedi babachose pa geti."

Ba Exildah anangoti chete. Ba Chomba ankalera adzukulu amasiye ndi zitumbuwa zomwezo. Koma chete uja ankakoma, tisanamizane. Kungotseka pakamwa basi, dzina lawo likanakhala loyera mpaka kumanda.

Apo Lombe anatsegula maso n'kugwira dzanja lawo.

"Mbuya, mwanibweletsela aisi yofiila?"

Ba Tanya anamwetulira koyamba tsiku limenelo. "Mwaona? Vonse akana, na manzi ya mchele na shuga alavula. Kamutengeleni chabe imozi. Yanu siniyopa, imwe mumawilitsa manzi."

Kunyumba fuliji inali yodzaza ndi maaisi a madzi omwe aja. Ba Exildah anayang'ana kadzanja kotentha kaja, kopepuka ngati tsamba.

"Ba Tanya, itanani ba nesi," anatero motsitsa mawu. "Ba Chomba basiyeni. Manzi ya sabata ino sin'nawilitse. Ninagula pa wilibala."

Ba Tanya sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangochotsa dzanja la mwana wawo m'manja mwa ba Exildah, pang'onopang'ono, n'kulifunditsa chitenje.