Odi wa Pafoni ya Dyness

Inu amene mukuti zanu zinada kale, tamvani za Dyness.

Loweruka lina masana, foni yake yosweka galasi inaikidwa patebulo ngati mbava yogwidwa. Pambali pake panali botolo la palafini ndi machesi. Dyness anagwada pansi. Anali mwana wamasiye wa ku Bundabunda, wolephera mayeso a Giredi 12 kawiri konse, ndipo ankasungidwa ku Silverest ndi amalume ake, ba Ezron, mkulu wa mpingo. Chigamulo chinali chitaperekedwa kale: foni itenthedwe, mwiniwake akwere minibasi kubwerera kumudzi, komwe nyumba ya mayi ake inali itagwa kalekale.

Mlandu wake? Ba Salome, akazi a amalumewo, anamumva kangapo kuseri kwa nyumba akuti, "Odi! Odi!" pamalo popanda chitseko, popanda munthu. Atasuzumira pafonipo anaona chinjoka cha mapiko ndi nkhalamba ya maso ofiira. Basi, nkhani inafika kutchalitchi isanafike kwa amuna awo. Ena ankati mtsikanayo walowa za satana, ena ankati akugogoda kwa akufa. Azimayi akamuona pachitsime ankakokera ana awo kumbuyo. Ba Ezron nawo anayamba kumangolowa m'kachipinda kake mwadzidzidzi, n'kutembenuza matiresi kufuna zithumwa. Munthu akakukayikira, abale, ngakhale chifuwa chako chimasanduka umboni.

Chonsecho inali gemu chabe, ya zigawo zinayi, imene wosewera amayenda m'dziko lopeka kufunafuna lupanga lophera chinjoka. Osewera ambiri amathamangira nkhondo. Akafika m'midzi ya m'gemumo amangolowa m'nyumba za eni, kuswa mitsuko kufuna chuma, n'kutuluka osatsazika.

Dyness zimenezo zinamukanika. Mayi ake anamulera kuti pakhomo pa munthu umaima, umaodira, n'kudikira akuyankhe. Ndiye ankaimika kamunthu kake ka m'gemumo pakhomo, pakamwa n'kutuluka "Odi" osadziwa n'komwe. Uchimidzi weniweni, mungatero.

Koma tsiku lina, ataima choncho mphindi yathunthu, chitseko chinatseguka chokha. Nkhalamba ija, wosula zitsulo amene amathamangitsa aliyense, inamupatsa mpando, kenako n'kumuonetsa njira yodutsa pansi pa phiri. Anzake osewera nawo pa intaneti anali asanaimvepo. Dyness anakayesa m'zigawo zonse zinayi, zinali zomwezo. Opanga gemu anali atabisa mphotho ya ulemu, anthu n'kumaidutsa chifukwa cha phuma. Dyness anapezanso zina: ukabweza mbuzi yosochera, mwiniwake amakuchenjeza za msampha wakutsogolo, ukathirira dimba la mayi wodwala, umadzakolola mankhwala ochiza ululu wa chinjoka. Anayamba kujambula timavidiyo tofotokoza zimenezi m'Chinyanja, n'kumatiika pa intaneti. Ndiye "Odi" amene ankamveka kuseri uja.

Tsiku la mlandu lija, ba Ezron atangotola machesi kuti atenthe foniyo, Dyness anatukula mutu.

"Ba malume, mukalibe kuishoka, nipempha muone chabe kamodzi."

"Osayangana, izakukokani!" anakuwa ba Salome.

Ba Ezron anavala magalasi, n'kuima patali ndithu, Baibulo lili kukhwapa. Dyness anayamba waonetsa mmene ena amasewerera: kulowa, kuswa, kutuluka.

"Uyu ni kawalala," anatero amalume.

Kenako anaimika kamunthu kake pakhomo. Mphindi ija inatalika ngati ulaliki wa tsiku la ukwati. Chitseko chinatseguka, nkhalamba n'kukoka mpando.

"Nindani anakuuza kuti uziimilira so?"

"Palibe. Ni mwamene ananilelera ba mayi, mlongo wanu."

Ba Ezron anayang'ana pansi. Anachita manyazi, ndipo anakumbuka mlongo wawo. Machesi aja anawalowetsa m'thumba.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Ba Salome anakhala miyezi akuphimba foniyo ndi chitenje ikakhala patchaja, ndipo pachitsime manong'onong'o sanaleke. Nawonso a pa intaneti ankamuseka kuti ndi wakumudzi woodira makatuni. Dyness ankalira, n'kupukuta misozi, mawa lake n'kujambulanso atamaliza kuchapa ndi kusesa. Amene anayesa kudikira pakhomo anaona kuti sakunama. Oonera anachuluka, mpaka mwini shopu ina ya makompyuta m'tauni ya Chongwe anamuitana kuti aziyang'anira mbali ya magemu. Lero ali ndi chipinda chakechake, ndipo analembetsanso mayeso aja kachitatu.

Lamlungu lina masana, akuwerenga, anamva mawu panja.

"Odi!"

Anasuzumira pawindo. Anali ba Ezron, chipewa chili m'manja, ataima pakhomo. Munthu yemwe uja ankalowa m'chipinda chake ngati akulowa m'khola la mbuzi! Dyness anamwetulira, misozi ikulengeza. Sindikubisirani, anawasiya adikire mphindi yathunthu.

"Ngenani, ba malume."

Inu amene mukusekedwa kapena kunenedwa chifukwa cha zimene munaphunzira kwanu, musazitaye ayi. Anzanu akamathamanga n'kumaswa mitsuko, asiyeni. Osataya mtima: imani pakhomopo, odirani, ndipo dikirani.