Chilonda cha Kuseri kwa Khutu la Jacinta

Jacinta anabadwira ku Zambia makolo ake atathawa nkhondo, ndipo anafika ku Chipera ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anali wachialubino. Ntchito yomwe ankaidziwa ndi ya khasu basi, ndipo dzuwa la kumunda linamuwamba mpaka khosi ndi manja zinachita mawangamawanga. Anakwatiwa ndi Vicente, woweta mbuzi wosayankhulayankhula, nabereka ana atatu, woyamba Edmilson, womaliza Yolanda.

Atamuchotsa kachotupa pamkono kuchipatala, Jacinta analowa m'kagulu ka odwala khansa ya pakhungu ku Fíngoè. Ankakumana Loweruka loyamba la mwezi m'kachipinda ka kuseri kwa katchalitchi, motsogozedwa ndi Dona Quitéria, namwino wopuma pantchito. Vicente ankamuperekeza pa mota, njinga yake yamoto, chifukwa wachialubino sadutsa m'tchire yekha. Nkhani za osaka ziwalo aliyense ankazidziwa.

Akapemphera, Dona Quitéria ankagawa mafuta oteteza ku dzuwa ngati abwera, kenako n'kuwaika awiriawiri kuti ayang'anane kumsana, m'khosi ndi kuseri kwa makutu, kumene munthu sangadzione. Jacinta ankayang'anana ndi Augusta, wogulitsa tomato pamsika.

Woseketsa gululo anali a Olímpio a ku Malowera. Iwo anatumizidwa ku Tete ndi chilonda cha pamlomo, nabwerako chibwano chili chomangidwa, mawu osamveka. Mwezi wachisanu ndi chiwiri anawaika m'manda. Kuyambira pamenepo Jacinta anatsimikiza mumtima kuti wopita ku Tete amakadulidwa, n'kudzafera kwawo.

Nyengo yososa itakwana, anamva kankhanambo kuseri kwa khutu lamanzere. Akakatula, kankatuluka magazi n'kumeranso. Anayamba kumanga duku motsitsa mpaka m'makutu. Msonkhano umodzi anajomba, ati mutu. Mwezi wotsatira Vicente analiza mota pakhomo osamufunsa, ndipo iye anangokwera.

"Masulani duku, mayi a Edmilson," anatero Augusta, nthawi yoyang'anana itafika.

"Kumakutu kulibe kanthu. Onani kumsana."

Augusta anakweza nsaluyo yekha ndi chala. Jacinta anamva mpweya wa mnzakeyo m'khosi.

"Chayamba liti?" anafunsa Augusta.

"Ndi minga inandikala. Chonde achemwali, musanene. Yolanda wanga sanasiye kuyamwa."

"Minga sichita chonchi. Chili ndi milomo ngati cha a Olímpio."

"Ndakugwirani mwendo."

Augusta anaimirira, misozi ili m'maso, n'kuitana: "Dona Quitéria, tabwerani muone kuno."

Dona Quitéria anavala magalasi, napinda khutulo, nakanikiza m'munsi mwa chibwano nthawi yaitali. Jacinta ankangoyang'ana simenti.

"Ku Tete sindipita," anatero Jacinta. "A Olímpio anapita."

"A Olímpio anabisa chilonda zaka ziwiri, akuthira phulusa ndi mankhwala a batire. Chanuchi n'cha miyezi iwiri. Sindikulonjezani kanthu, mayi, koma mukakhala chidzalowa m'fupa." Dona Quitéria anatulutsa pepala nalemba kakalata koti akatengere giya kuchipatala, chikalata chomutumizira ku Tete.

Pobwerera Jacinta analira njira yonse, nkhope ataibisa kumsana kwa mwamuna wake. Vicente anangoyankhula kamodzi, atafika pamtsinje wouma: "Lolemba tinyamuka. Ana akhala ndi mlamu wanu."

Ku Tete kunkatentha ngati m'ng'anjo ya njerwa. Anadikira pabenchi masiku anayi, akuona anthu omangidwa nkhope akutuluka pakhomo lomwe iye amayenera kulowa. Atamuitana dzina, Vicente anamuperekeza mpaka pakhomopo. Madokotala anamudula theka la khutu, kanyamako n'kukatumiza kukayezedwa.

Yankho linatenga miyezi iwiri. Mvula inagwa, chimanga chinamera, iye akudzidzimuka foni iliyonse ikalira. Pamsonkhano wa mwezi wachiwiri Dona Quitéria anamutengera panja pamthunzi.

"Inalidi khansa. Akuti anaichotsa yonse yomwe anaiona. Koma muzipita miyezi itatu iliyonse, ndipo mukamva kambulu m'khosi musadikire Loweruka."

"Ndiye kuti yatha?"

"Lero palibe. Za mawa sindidziwa."

Munda wake waukulu wa kudambo, womwe unalibe mtengo ngakhale umodzi, Jacinta anausiyira mlamu wake. Tsopano amalima kamunda ka kuseri kwa khola, ndipo dzuwa likangofika pamwamba pa msekese amaweruka, ngakhale mzere usanathe. Anthu ena ku Chipera amati wayamba ulesi. Ndi Augusta amapatsana moni, koma tomato amagula kwa mayi wina wa kumapeto kwa msika.