Nkhomo za bawo m'thumba la woliza belu

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, bambo anga ndiwo ankaliza belu la tchalitchi chathu kwa Mlangeni. Belulo linali limu ya tayala la galimoto yopachikidwa mumtengo, koma iwo ankalinyadira koopsa. Udindowo anawapatsa chifukwa cha wotchi imene anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Mowa sankamwa, fodya ayi. Matenda awo anali bawo basi.

Tsoka lake, njira ya kutchalitchi inkadutsa pagolosale ya a Ngozo, pomwe amuna osewera bawo sankadziwa Lamulungu. Bambo ankadutsa ataweramitsa mutu, koma khutu lili komweko.

Lamulungu lina m'nyengo yachisanu, ine ndili pambuyo nditanyamula Baibulo lawo, a Ngozo anawaitana. Anati kwabwera mkulu wina wa ku Tsangano amene wagonjetsa aliyense, ndipo akunena kuti kwa Mlangeni kulibe amuna. Bambo anaima. Anayang'ana wotchi, nati angoonerera pang'ono. Kuonererako kunasanduka kulangiza, ndipo posakhalitsa ndinangomva akuti, "Tasunthani pamenepo." Nditawakoka jekete anandiuza kuti Mulungu ndi woleza mtima.

Mwadzidzidzi belu linalira. Kulira kwake kunali kwa munthu wokwiya, ndipo tonse tinadziwa kuti ndi amayi. Bambo anadzambatuka, nkhomo zosewerera bawo zili m'manja, nkuzilonga m'thumba osadziwa. Liwiro lake! Ine ndi Baibulo tinatsalira kutali.

Tsikulo kunabwera abusa, amene kwathu ankafika mwa apo ndi apo. Ataona bambo akulowa, anawapempha kuti atsegule ndi pemphero. Bambo anapita kutsogolo thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho, nkusolola mpango kuti apukute nkhope. Nkhomo zija zinangoti mbwee pasimenti. Imodzi inagubuduka mpaka pansapato ya abusa.

Abusa anaitola, nkuiyang'anitsitsa.

"Koma mwapambana, a Nyoni?"

"Ndinatsala pang'ono, abusa," anayankha bambo ndi chilungamo chawo chonse.

Tchalitchi chonse chinafa ndi phwete, kupatula amayi. Ine ndinachita manyazi mpaka kulira. Mapemphero atatha, akulu a mpingo anawauza kuti zikadzachitikanso, belu adzapatsa wina. Bambo anabwerera kunyumba, ndipo sindinawaonepo atafooka chonchija.

Lamulungu lotsatira sitinadutse pagolosale. Tinazungulira kumadimba a mbatata ya kachewere, njira yaitali yoterera, mame akunyowetsa thalauza lawo mpaka m'mawondo. Ndili m'kati monjenjemera ndinawafunsa kuti bwanji osangodutsa njira yathu nkuyang'ana kumbali.

"Mwanawe, ine ndimadzidziwa," anatero. "Tsiku ndi tsiku ndimapempha Mulungu kuti andipewetse mayesero. Ndiye ndizipitako ndi miyendo yanga?"

A Ngozo ankawaseka kuti akuthawa thabwa lamabowo. Iwo ankavomera kuti eya, akuthawadi. Bawo ankasewera Loweruka, koma belu analiza okha mpaka mkono unakana ndi ukalamba.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti wokhulupirika ndi amene mtima wake sukopeka. Lero ndikudziwa kuti nthawi zina ndi munthu wofooka amene wavomera kunyowa mame. Nanenso ndili ndi bawo wangawanga, amalira m'chikwama. Lamulungu foniyo ndimaisiya pansi pa pilo, chifukwa ndine mwana wa a Nyoni, ndipo ndimadzidziwa.