Kiyi yakufa ya ba Chanda

Ninaganiza vochoka mu komboni ya George tsiku lamene ba Chanda bananimenya pa chala na supuni. Banthu bamakamba ati ninathawa njala. Boza. Ninathawa supuni.

Ba Chanda banali mudala wa nyumba yoyang'anana na yathu, pafupi na pogulitsira madzi. Kale banali kuliza piyano mu mahotela a mu tauni, nyimbo zija za bluzi zamene dzanja la kumanzere limayenda monga sitima ya katundu. Piyano yao inali yaikulu kupambana chitseko. Ine nimakhulupirira kuti banayamba kuika piyano pansi, ndiye banamanga nyumba mozungulira. Kuliza konse kwamene nidziwa, ninaphunzira pamene paja.

Koma kiyi imodzi ya pakati inali yakufa. Chaka china madzi a mvula analowa mu nyumba, kanyundo ka mkati kanaola. Nyimbo ikafika pa kiyi ija, mudala banali kutseka pakamwa, kuchita "mmm" na mphuno, nakupitiliza. Tsiku la supuni ine ninalumpha "mmm" ija.

"Iwe Mabvuto, wasiya mugodi mu nyimbo yanga. Ufuna banthu bagweremo?"

"Mudala, gulani chabe piyano yamoyo."

"Kagule ndiwe, pakamwa monga wailesi."

Ninati nizayenda ku Joni, nizabwera na kanyundo kanyowani, mumvereko nyimbo yanu yonse mukalibe kufa. Banaseka mpaka kukhosomola. "Endesa, fulumira," banatero.

Ku Joni ninali kutsuka mamotoka. Pa Sande ninali kuliza kiyibodi mu katchalitchi ka mu galaja. Kachipinda kanga, ukafuna kutembenuka uyambe watuluka panja. Ndalama zinali kubwera monga balendo ba ulemu, kupereka moni nakupita. Kiyibodi ija makiyi onse anali amoyo, koma nikafika pa malo paja chala chinali kukana, mphuno yokha "mmm". Abusa bananifunsa ngati nili na chimfine. Ninalibe munthu womuuza chifukwa chake, olo mmodzi.

Koma pa foni ninali bwana. Ninali kutumiza mau kwa Mwape, mwana wamkazi wa ba Chanda, kuti azibamvetsa.

"Mudala, niliza mu hotela yaitali, mitambo imapita pansi pathu. Bazungu balira, wina dzulo anakomoka."

Yankho inali imodzimodzi. "Waboza iwe. Kanyundo?"

"Mwezi wamawa, mudala."

Manje apa nikambe zoona. Kanyundo ninakapeza chaka choyamba, kwa mkulu wina wokonza mapiyano. Kanakhala mu sokosi zaka zitatu. Ninali kuopa kutsika basi na kachola kamodzi, ine munthu wa hotela ya mu mitambo.

Mwape atalemba ati batata basiya kudya, bafunsa iwe, ninakwera basi. Uthenga wachiwiri unanipeza pa mzere wa pa boda, pasipoti ili ku manja.

Pa nyumba ya maliro banali batatulutsa vinthu vonse panja, mipando, kabati, bedi, kuti bazimai bakhale pansi. Piyano yokha inakana chitseko. Bazimai banakhala moizungulira, bazibambo mu tenti panja. Mwape ananiona, maso ofiira.

"Ba hotela bafika. Lowa, uwalizire."

Ninadutsa pakati pa miyendo ya bazimai. Dzanja la kumanzere linayamba lokha, sitima inanyamuka. Ninafika pa kiyi ija, ninatseka pakamwa, koma palibe chinatuluka.

"Mmm."

Sindine. Banali bazimai ba pansi paja, bazibambo mu tenti, amai ba pa madzi na vigubu vao, mpaka kondakitala wina wa minibasi wamene anabwera chabe kudya. Apa sinikuwonjezera, nalumbira. Zaka zonse zija nyimbo inali kutuluka pa windo, George yonse inaigwira pamodzi na mugodi wake, palibe anagweramo.

Tinabwerako ku manda masana. Mwape ananipeza kumbuyo kwa nyumba nikusamba ku manja.

"Nanga kanyundo ka batata?"

Sokosi inali mu thumba la thalauzi, ninali kuimva pa ntchafu.

"Sininakapeze," ninatero.

Pa maboza anga onse, ili lokha ndiye ninakamba osaseka.