Sitima ya Shuga Inawatulutsa M'nyumba

Chizindikiro choyamba chinali kuzizidwa. Linali Lamulungu lina mu Okutobala, tikuchokera kutchalitchi, pamene amuna anga, bambo a Tadala, anayamba kunjenjemera m'sitima yapansi panthaka ngakhale anali atavala majekete awiri. Pofika kunyumba thupi linali litatentha, mutu ukuwawa, m'mfundo monse mukuphwanya. Iwo sanachedwe kudziyeza okha. Anati ndi malungo.

Munthuyu anali atatha zaka zambiri osaponda ku Malawi, ndipo udzudzu wa kuno ku Toronto supereka malungo. Koma ife tinakulira kumene thupi likatentha sufunsa kawiri. M'kabati mwathu munali mankhwala a LA amene mlamu wanga anabwera nawo m'sutikesi, monga zilili m'nyumba zambiri za Amalawi kuno, kumene kapaketi ka mankhwala a malungo kamasungidwa pambali pa tiyi wa kwathu. Anamwa motsata ndondomeko yake, ine ndikuwapatsa mkaka. Kutentha kunatsika pang'ono, tonse n'kunena kuti zatha. Tinaiwala mawu aja akuti linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Mu Novembala kutentha kunabwerera, ndipo kunabwera ndi anzake. Ankatuluka thukuta mpaka kunyowetsa zofunda, chakudya chinasiya kulowa, mapazi anayamba kutupa. Amagwira ntchito yowerengera chuma pa ofesi ina pakati pa mzinda, ku Downtown, ndipo tsiku lina anandiuza kuti masitepe otulukira pasiteshoni anawapumira katatu. Ananena zimenezi akuseka. Mwana wathu Tadala, amene anabadwira konkuno ndipo Chichewa amachimva koma amayankha m'Chingerezi, sanaseke nawo. Anangoti, "Dad, this is not malaria," n'kuitanitsa galimoto.

Kuchipatala tinadikira nthawi yaitali pamipando ya anthu obwera mwadzidzidzi, mpaka namwino atawayeza mpweya ndi kugunda kwa mtima. Apo zinthu zinayamba kuthamanga. Anawatenga magazi kangapo, anawajambula pachifuwa, kenako anaunika mtima ndi makina. Dokotala anatifotokozera modekha kuti tizilombo tinalowa m'magazi, mwina kuchokera ku dzino limene linkawavuta kwa miyezi, n'kukamanga msasa pa kachitseko ka mu mtima kamene amati valavu. Atafunsa ngati anamwapo mankhwala alionse, bambo a Tadala anayang'ana kudenga, ine n'kutulutsa kapaketi kaja m'chikwama. Dokotalayo sanatikalipire. Anati, "Mankhwalawa ndi abwino pa matenda ake. Apa angokudyerani nthawi."

Opaleshoni inachitika mu Disembala. Anawatsegula pachifuwa n'kuika valavu ina. Masiku a m'chipatala amafanana onse: kuyeza thupi m'mawa, magazi, madokotala kudutsa ndi ophunzira awo, chakudya chopanda mchere chimene wodwala wanga ankachiyang'ana ngati chamulakwira. Chaka chatsopano chitalowa anatitulutsa, ali ndi kapaipi pamkono kolowetsera mankhwala, ndipo namwino ankabwera kunyumba kudzawaona.

Apa ndi pamene panayambira vuto limene sindinaliyembekezere. Kwathu wodwala amakhala ndi gadiyani, ndipo gadiyani wabwino salola wodwala kunyamula ngakhale kapu. Ine ndinaona mayi anga akudwazika bambo anga motero ku Dedza, choncho ndinachitanso chimodzimodzi ndi mtima wanga wonse. Ndinkawasambitsa, kuwaveka masokosi, kuwabweretsera chilichonse pamene akhala. Amayi a kutchalitchi akabwera kudzazonda kuchokera ku Markham ndi ku Oakville, mawu awo anali amodzi: agone, asadzivute. Bambo a Tadala anamvera bwino lomwe. Munthu amene kale ankatitopetsa ndi nkhani anasanduka wachete. Chogwirira chamatayala chimene anatipatsa kuchipatala anachikana, ati ndi cha nkhalamba, komanso ankaopa kuti akagwa chifuwa chitseguka. Miyendo inayamba kuonda ine ndikuona.

Namwino uja anandiitanira kukhitchini tsiku lina. Anandiuza kuti bala lapola bwino, mtima ukugwira ntchito, koma munthu akapanda kuyenda mapapo ndi miyendo zimafooka, ndipo ena sabwereranso mwakale. Kenako anati, "Mayi, mukuwakonda, ndikuona. Koma manja anuwa achepetseni." Zinandipweteka kwambiri. Ndinalira ndili ndekha, chifukwa ndinazindikira kuti ndikhoza kukhala ndi mwamuna wamoyo koma wosadzukanso pampando.

Timakhala m'nyumba yosanja chakum'mawa kwa Downtown, pafupi ndi pamene mtsinje wa Don umathira m'nyanja. Zenera lathu la pabalaza limayang'ana kudoko. Zaka zonse takhala pamenepo bambo a Tadala sanasamalepo za madzi. Kwawo ndi ku Mchinji, ndipo sanakwerepo ngakhale bwato. Koma munthu wongokhala maso ake amafuna ntchito. M'nyengo yachisanu ija anayamba kuonerera boti laling'ono limene linkaswa madzi oundana m'mawa kuti maboti opita kuzilumba adutse. Sitima zazikulu zinali zitamangidwa m'mbali, zikudikira kuti chisanu chithe. Mawu oyamba aatali amene ndinawamva kwa iwo patapita milungu anali odandaula kuti woyendetsa botilo wachedwa.

Chisanu chitayamba kutha, doko linadzuka. Kunayamba kuoneka timaboti tamphamvu tokankha ndi kukoka zinzake, timene kuno amati thagi. Tina tinkakankha zimabwato zachitsulo zopanda injini, zodzaza matope amene amakumba pakamwa pa mtsinje. Sitima za simenti ndi za mchere zinayambanso kulowa. Wodwala wanga anadziwa mathagi onse ndi mitundu yawo, ndipo lina lofiira analipatsa dzina la bwenzi lake la kusekondale, ati n'chimodzimodzi, wamfupi koma wamakani. Ine ndinkangovomera, chifukwa ndinali nditasowa mawu awo.

Ndiye mu Epulo kunabwera sitima yaikulu ya shuga yochokera kunyanja yamchere. Mathagi awiri anapita kukailandira, lina kutsogolo ndi chingwe, lina m'mbali likuikankha ndi mphuno. Bambo a Tadala anaimirira okha pazenera osagwira kanthu. Koma pali nyumba ina yaitali imene anamanga kutsogolo kwathu, ndipo pamene sitimayo inkayamba kutembenuka kuti ikaime padoko, inalowa kuseri kwa nyumbayo. Anatsala akuona khoma. Anatembenuka n'kundipatsa foni yawo.

"Mayi a Tadala, tatsikani mukandijambulire. Ndingofuna ndione mmene akuiimikira padoko."

Miyendo yanga inali itayamba kale kulowera kukhomo, chifukwa chizolowezi n'chovuta. Ndinaima. Ndinaika foniyo patebulo n'kunena kuti, "Bambo, sitimayo ndi yanu. Mukaifuna, nsapato zanu zili apo." Chikwatiraneni ndinali ndisanawakanirepo chinthu akudwala, ndipo ndinadzimva ngati ndatukwana mkulu. Sanandiyankhule tsiku lonse. Chakudya anadya atayang'ana kumbali.

M'mawa mwake ndinawapeza atakhala pamphepete pa bedi, akulimbana ndi zingwe za nsapato. Zinawatengera nthawi, ndipo ine ndinapinda manja kumbuyo kuti ndisawathandize. Anagwira chogwirira cha nkhalamba chija, tinatsika. Tsiku limenelo sitinafike kumadzi. Tinathera pa benchi ya pakona, iwo akupuma mwabefu, n'kubwerera. Tsiku lotsatira tinapitirira benchiyo. Pamene tinkafika m'mphepete mwa doko patapita masiku angapo n'kuti sitima ija itatsitsa kale shuga wake ikunyamuka, ndipo tinaona mathagi akuitulutsa chambuyo pang'onopang'ono, mpweya wonse ukununkhira ngati pamene akuphika maswiti. Bambo a Tadala anandifotokozera zonse ngati anabadwira m'sitima. Za kundikwiyira kuja sanazitchulenso, ndipo inenso sindinawakumbutse.

Kuyambira pamenepo doko linasanduka chipatala chathu chachiwiri. Achipatala anawalembetsa ku masewera olimbitsa mtima, kumene ankayenda pamakina akuwayeza, koma mtunda weniweni ankauyeza ndi madzi. Mu Meyi tinkafika pakamwa pa mtsinje, kukaona chimakina chikuvuula matope akuda n'kuwathira m'chibwato, thagi likudikira pambali. Ntchito ya pamadzi siithamanga, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinkakhala nthawi yaitali osaona kanthu, kenako kungomva lipenga. Tsiku lina woyendetsa thagi lofiira lija anatikwezera dzanja, ndipo amuna anga, bambo wamkulu wa imvi zake, anasangalala mpaka kuimbira foni Tadala kuti amuuze. Mu Juni chogwirira chija chinatsala kunyumba. Cholinga chawo chinali kufika pa mlatho wa mumsewu wa Cherry, umene umanyamuka kuti sitima zidutse, ndipo anaufika chilimwe chisanathe.

Panopa ali bwino. Anabwerera kuntchito, amamwa mankhwala awo tsiku lililonse, amapita kukayezetsa magazi ndi mtima pa nthawi imene anawauza, ndipo kwa dokotala wa mano sachitanso kukakamizidwa. Amatopa msanga kusiyana ndi kale, chipsera cha pachifuwa chimawayabwa kukazizira, koma nkhani zawo zinabwerera zonse, mwinanso kuposa muyeso.

Kwa abale anga amene muli kunja kuno, thupi likatentha kwa masiku angapo osasintha, pitani kuchipatala mukayezetse. Ngakhale atakhala malungo enieni, akapezeke ndi magazi, osati ndi kukumbukira mmene tinkamvera kumudzi. Dzino lowawa musalipirire. Ndipo inu odwazika, achipatala akanena kuti wodwala adzuke, muloleni avutike pang'ono. Zimawawa kuonerera, ndikudziwa, koma ndi chikondi chomwecho.

Loweruka lapitali tinali paulendo wathu wa kumlatho pamene belu lochenjeza magalimoto kuti mlatho ukunyamuka linayamba kulira ife tikadali patali. Bambo a Tadala anawonjezera liwiro. Ndinawaitana kuti andidikire, poti bondo langa masiku ano limandivuta, koma iwo anangokweza dzanja osacheuka, n'kumapita. Ndinaima pamsewu ndikupuma mwabefu, ndikuyang'ana msana wa mwamuna wanga ukutalikira, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti andisiya m'mbuyo.