Makwerero Ofuna Anthu Awiri

Anzanga, takhalani pansi mumve izi! Ndinagula makwerero opinda kunja kuno, mumzinda wa Malaga momwe ndikukhala, aja omangirira pachibowo cha siling'i, kuti masutikesi anga azikhala kudenga. Kusankha ndekha, kuyeza ndekha, zonse kuphunzira pa vidiyo ya pa foni. Koma mu vidiyomo munali anthu awiri, wina akugwirizira pansi, mnzake akumanga mabawuti m'mwamba.

Kwathu ukangoyamba kukhoma msomali aneba amabwera okha, ena kudzathandiza, ena kudzangokutsutsa. Ndiye ndinatsegula chitseko n'kumamenya hamala mokweza, mwadala. Koma abale, zii! Bambo a nyumba yoyandikana anangosuzumira n'kutseka zenera lawo.

Mpaka lero makwerero angotsamira khoma. Ndikagogode kwa munthu woti ngakhale dzina lake sindilidziwa? Inuyo mukanatani?