Zimene Ndinaona Anti Akuluka Tsitsi

Lamlungu, mwezi wa Juni

Ndadzuka mutu ukuwawa chifukwa cha maluko a dzulo, ndipo mtima sunakhazikike. Kutchalitchi ndinapita, koma ulaliki sindikuukumbuka.

Dzulo masana ndinakwera basi kupita ku Girrawheen, dera lina la mzinda wakunja umene tikukhala kuno, kwa mtsikana mnzanga wa m'kalasi. Mayi ake, amene ndimawatchula kuti Anti, amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo Loweruka akakhala kuti alibe shifiti amatiluka tsitsi tonse awiri. Wolukidwayo amakhala pansi pakati pa mawondo awo, maso ali pa TV.

M'sewero limene timaonera muli atsikana awiri okondana. Takhala tikuwatsatira kuyambira chaka chatha. Mnzangayu nayenso amakonda atsikana, ndipo amene ndikudziwa ndine ndekha. Seweroli ankaliika dala nthawi yoluka kuti amve maganizo a mayi ake. Nkhope yawo saiona poti amakhala atawafulatira, ndiye ankangomvera manja, ngati akukoka tsitsi mwamphamvu kapena ayi. Anandiuza kuti atsikana aja akathera limodzi m'gawo lomaliza, iye adzaulula kwa mayi ake.

Gawo lomalizalo tinaonera dzulo, ndipo sanathere limodzi. Atangogwirizana zopeza nyumba yawoyawo, mmodzi anagundidwa ndi galimoto potuluka m'sitolo, n'kumwalira kuchipatala. Ena onse a m'seweromo, ngakhale mnyamata wina wakuba, anapatsidwa ukwati ndi ana.

"Ayi, bola," Anti anatero. "Nanga akanakhala bwanji? Weramutsa mutu iwe, mzere ukupindika."

"Mami, wamwaliratu munthu," mnzanga anayankha m'Chingerezi.

"Nanga ndamupha ndine? Kafunse olembawo."

Pondiperekeza pokwerera basi, mnzangayo anandionetsa pafoni zimene anthu akulemba. Ambiri akudandaula kuti masewero a pa TV amatero kawirikawiri: awiri otere akangoyamba kusangalala, wina amafa kapena amasamukira kutali. Ena akuti sadzaoneranso. Mnzangayo sanalire. Anangoti, "Basi, sindiwauza. Wamva wekha." Kenako anayamba kukamba za mayeso a masamu.

Pali chimene sindinamuuze. Ine ndinali pampando wa pambali kudikira nthawi yanga, choncho nkhope ya Anti ndinkaiona. Asananene kuti bola, panali pamene mtsikana wotsalayo anakanizidwa kulowa m'chipinda cha wodwala chifukwa si wachibale. Apo Anti anasiya kuluka. Chipeso chinali pakamwa, ndipo sankayang'ana TV, ankayang'ana pamutu pa mwana wawo. Anakhala choncho kanthawi ndithu, kenako anadzipukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

Tanthauzo lake sindikulidziwa. Mwina mafuta a tsitsi anawalowa m'maso. Mwina anakumbukira za kuntchito, poti imfa amaziona. Mwinanso akudziwa kale za mwana wawo, ndipo akuopa zimene azimayi a kutchalitchi ndi achibale a ku Lilongwe anganene. N'chifukwa chake ndinakhala chete, kuopa kumupatsa chiyembekezo chabodza.

Olemba seweroli sindinawakwiyire kwambiri. Ndikungoganiza kuti sakudziwa kuti anthu ena amaonera ali ndi chifukwa china.

Mawa nthawi yopuma kusukulu ndimuuza mnzangayo zimene ndinaona, mmene zinalili, osawonjezera kanthu. Zoti awauze mayi ake kapena adikire, asankha yekha.